Mlimi amene anawotcha kamunda ka mkazi wake

Kunali mlimi wina wa fodya amene mkazi wake anamwalira. Mayiyo anasiya kamunda ka soya kuseri kwa nyumba. Minda yonse ya pamudzipo inali itaguga, koma aka kokha kankabereka popanda feteleza, ndipo palibe ankadziwa chifukwa.

Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito yoyeza nthaka kutauni. Atabwera kudzaona bambo ake, anazula soya pang'ono natenga mizu yake. Pochoka anati, "Bambo, pano musakhudzepo kufikira nditabweranso."

Tsiku lina bamboyo anazula phata limodzi, naona timibulu tambirimbiri pamizu. Zaka makumi atatu za fodya zinamuphunzitsa kuti muzu wotupa ndi nthenda, ndipo mankhwala ake ndi moto. Anati mumtima, "Mkazi wanga ndinalephera kumupulumutsa. Kamunda kakenso kafe ndikuona?" Anazula soya yense, anaunjika mapesi ndi nkhuni monga ankachitira panazale ya fodya, nayatsa. Dothi linapsa mpaka kufiira ngati njerwa.

Patapita milungu itatu mwana uja anafika akumwetulira, atanyamula timabotolo.

"Bambo, ndapeza chinsinsi chija! M'timibulu ta pamizu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Makina aonetsa kuti tizilomboti tili ndi chibadwa chodyetsa mbewu. N'timene tinkabereketsa munda wa amayi. Tomwe ndinatenga tija tinafa poyeza. Ndabwera kudzatenga tamoyo, tikatichulukitse, mudzi wonse upindule."

Bamboyo anangomutsogolera kuseri kwa nyumba. Mwanayo anagwada, nafukula phulusa ndi manja kwa nthawi yaitali. Sanapeze muzu ngakhale umodzi.

"Bambo, bwanji simunandidikire?"

"Ndimati ndikuteteza kamunda ka amayi ako, mwana wanga."

Analira onse awiri, ndipo kamundako sikanaberekenso ngati kale.

Abale anga, nkhaniyi imandiwawa chifukwa bamboyu sanali munthu woipa. Anawotcha chifukwa cha chikondi, podalira zimene ankazidziwa bwino. Nafenso timatero. Timaona munthu pakati pathu ali ndi maonekedwe a vuto lomwe linatipwetekapo kale, n'kumuthamangitsa tisanafunse. Amachoka, kenako timadabwa kuti mpingo wafota, banja lazizira. Ukadaulo wanu wa dzulo sudziwa zonse. Musanayatse moto, dikirani amene wapita kukayeza.