Ufa wa Alhaji Rajabu Kutsidya kwa Malire

Alhaji Rajabu Chitekwe anafika kwa Shehe Swalehe Nyenje Lachinayi m'mawa, lole ya ufa ikubwera pambuyo pawo. Ine ndinali m'gulu lawo. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa madrasa ku Ntaja, ndipo ananditenga chifukwa njira za kutsidya, ku Mozambique, ndinkazidziwa. Mayi anga kwawo ndi komweko. Chaka chimenecho madzi anasefukira dambo lonse, chimanga chinawola chili chiimire, kenako kolera inabwera kudzamaliza zotsala. Amalonda achisilamu a ku Limbe anasonkha ufa matumba mazana awiri, n'kusankha Alhaji kuti akaupereke kumudzi wa Namakoko, kutsidya komweko.

Ndinene poyamba kuti Alhaji anali munthu wopatsa, kuti musawaweruze msanga. Kungoti anali ndi matenda a anthu opatsa ambiri: chimene apereka ankafuna chizimverabe iwo ngakhale chitachoka m'manja mwawo. Ku Makka anapitako kawiri, ndipo mukakhala nawo pang'ono pokha mumadziwa, musanafunse n'komwe.

Tikulowa m'mudzimo tinadutsa pa chipatala chaching'ono cha mishoni. Pabwalo panali mzere wa amayi, mipango kumutu, makapu m'manja, ana kumbuyo. Pamwamba pa chitseko panali mtanda, ndipo mayi wachikulire wovala za usisitere ankatunga phala m'ndowa n'kumathira m'makapumo. Alhaji anauza dalaivala kuti aime.

"Mwalimu, onsewa ndi athu?" anandifunsa.

"Ambiri ndi athu, Alhaji."

Kenako tinapitirira mpaka pamzikiti.

Shehe tinawapeza akuponda dothi, mkanjo atauzingira m'chiuno, chifukwa khoma limodzi la mzikiti linali litagwa. Munthu ameneyu anaphunzira zaka khumi ndi ziwiri ku Zanzibar, ndipo mashehe a kwathu kuno, nkhani ya chuma chamasiye ikawakanika, ankalembera iyeyo kalata. Koma kungomuona m'matopemo mukanati ndi waganyu. Anatsuka miyendo, anatipatsa salamu mmodzimmodzi, n'kutiyalira mkeka pansi pa mtengo. Akuluakulu anayi a pamzikiti anabwera kudzakhala nafe.

"Mutikhululukire, alendo athu," anatero Shehe. "Tiyi mulibe m'mudzi muno. Koma madziwa ndi owiritsa, imwani osaopa."

Alhaji anangolawa n'kuika pansi kapu.

"A Shehe, ndamva zambiri za maphunziro anu, ndiye ndabwera ndi funso. Kodi n'zololedwa kuti Msilamu azikalandira chakudya pansi pa mtanda?"

"Mwafunsa bwino, Alhaji. Chakudya chikakhala cha halali, kulandira kwa Mkhristu n'kololedwa. Phala lija ndi chimanga, soya ndi kamchere. Ndinalawa ndekha."

"Sindikufunsa za soya, a Shehe. Anthu amenewa sachokera maiko akutali kudzangophika phala. Lero phala, mawa nyimbo, mkuja ubatizo. Ine mtima wanga wawawa pamsewu paja. Ndiye nali pempho langa. Mawa ndi Ijumaa. Mulengeze mu khutuba, pa ulaliki wanu, kuti kuyambira mawa Msilamu asapondenso ku mishoni. Mukatero, ufa wonse utsika pompano. Mukakana, ndipita nawo kumudzi wina kumene atsogoleri ake amateteza dini, chipembedzo chathu."

Apa ine ndinachita mantha, sindibisa. Ndinali nditaona ana m'njira, mapazi otupa, tsitsi lofiira. Mumtima ndinkati: a Shehe, ingovomerani, mawu a pakamwa satenga nthawi, anthuwo azipitabe mozemba. Ndi mmene ndinkaganizira ine, mwalimu wathunthu wophunzitsa ana kuipa kwa bodza.

Shehe anafunsa mofatsa, "Mukhala nafe masiku angati, Alhaji?"

"Tinyamuka Loweruka."

"Allah akulipireni pa thumba lililonse, inu ndi anzanu amene anakutumani. Ufa umenewu, tikamadya kamodzi patsiku, utifikitsa masabata atatu, ndipo masabata atatu si chinthu chaching'ono kwa mwana wanjala. Koma ndithandizeni maganizo. Lamlungu, inu mutapita, mayi akavutika pobereka, ndimutumize kuti? Mwana akakomoka ndi malungo, ndiuze makolo ake chiyani? Chipatala china chili mtunda wa tsiku lathunthu, ndipo mlatho unapita ndi madzi."

"Tidzamanga chipatala chathu, Insha Allah."

"Insha Allah. Tsiku limene mudzayambe, dothi lake ndidzaponda ndine."

Akuluakulu aja anamwetulira, ndipo ndikuganiza kuti kumwetulirako ndi kumene kunawapsetsa mtima Alhaji.

"Ndiye kuti imani ya anthu anu, chikhulupiriro chawo, mwaigulitsa ndi mapilitsi, a Shehe."

Eee, ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mawu otere kuuza munthu wamkulu, pakhomo pake, anthu ake akumva. Mmodzi wa akuluakulu aja anafuna kudzuka, koma Shehe anamugwira bondo. Shehe anayang'ana matope amene anatsalira kuzala zawo, kenako anayankha ndi mawu omwe aja ofatsa.

"Alhaji, nkhawa yanu si yopanda pake, ndipo sindikunamizani. Sisitere Benedita, uja mwamuona akugawa phala, anachokera ku Brazil zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo sabisa chimene ali. Belu lawo limalira, mapemphero awo amamveka. Pa zaka zonsezi mabanja atatu a kuno analowa tchalitchi chawo. Ndinapita kukayankhula nawo mabanjawo, sanabwerere, ndipo zimandipwetekabe. Izi ndanena kuti musamve kwa ena. Tsopano mundilole ndinenenso zinazo."

"Nenani."

"Mwezi wawo woyamba muno, a Sisitere anabwera pamkeka ngati uno ndi funso. Anati, Msilamu akamamwalira m'chipatala mwanga, ndichite chiyani kuti ndisamulakwire? Ndinawauza kuti timamugoneka cha kumanja, nkhope ikuyang'ana chibula, mbali ya ku Makka, ndipo Msilamu mnzake amamukumbutsa shahada pang'onopang'ono, kuti mawu ake omaliza akhale a umboni wa Mulungu mmodzi. Anati ndikawalozere chibulacho. Ndinapita, ndinalemba mzere ndi khala pakhoma la chipinda cha odwala. Khomalo alipaka laimu kangapo konse, koma mzerewo amaubwezeretsa."

Alhaji anatsegula pakamwa, koma Shehe anakweza dzanja pang'ono, monga amachitira mphunzitsi mwana akafuna kuyankha funso lisanathe.

"Mwezi wathawu anthu ankafa ndi kolera mofulumira kuposa mmene tinkakumbira manda. Ine ndinkakhala kumanda kuyambira m'mawa, jeneza lonyamulira maliro likutuluka, linzake likulowa. Mkazi wanga, Abiti Yusufu, anali m'chipatalamo tsiku lachiwiri. Odikirira odwala sankaloledwa kulowa chifukwa cha matendawo. Masana a tsikulo anayamba kutsirizika. A Sisitere anatuma munthu kudzandiitana, koma kumanda ndi kutsidya kwa mtsinje, ndipo mtsinje unali wodzaza. Anaona kuti sindifika nthawi yake."

Shehe anaima pang'ono n'kumwa madzi.

"Mawu a shahada a Sisitere amawadziwa, awamva kambirimbiri. Koma anandiuza pambuyo pake kuti sakanawanena okha, chifukwa si chikhulupiriro chawo, ndipo sankafuna kunamiza munthu amene akupita kwa Mulungu. M'chipinda monsemo Msilamu amene ankathabe kuyankhula anali mmodzi yekha, gogo wina dzina lake Abiti Mdala, pabedi lakumapeto, ali pa diripi, kuyenda osatha. A Sisitere, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, atagwira ntchito masiku osapuma, anabereka gogoyo kumsana, botolo la diripi ataligwira m'mwamba ndi dzanja limodzi, n'kukamugoneka pambali pa mkazi wanga. Ine ndinafika zitatha. Mkazi wanga ndinamupeza atamutembenuza kale, nkhope ikuyang'ana mzere uja. Abiti Mdala anachira. Nyumba yawo ndi iyo ili kuseri kwa chitsimeyo. Mukhoza kukawafunsa mawu omaliza a mkazi wanga."

Nkhaniyi akuluakulu aja ankaidziwa kale, koma anawerama ngati akuimva koyamba. Ine manyazi anandigwira, chifukwa tinafika ndi lole yathu osafunsa n'komwe ngati pakhomopo pali chisoni.

"Tsopano mukufuna kuti mawa ndiime m'nyumba ya Allah," anapitiriza Shehe, "ndiuze anthu kuti munthu ameneyu ndi wakuba imani. Alhaji, njala ndikuiopa. Anawo ndimawaona tsiku ndi tsiku, ena ndinawatcha maina ndine. Koma umboni wonama ndikuuopa koposa, chifukwa ndidzafunsidwa ndekha pa tsiku la Kiyama, lachiweruzo, inu kulibe. Sindilengeza. Ngati ufawu ndi wanu, muli ndi ufulu wopita nawo kumene mtima wanu ukufuna, ndipo tikuperekezani ndi duwa, kukupemphererani ulendo wabwino. Koma ngati munaupereka kale kwa Allah muli ku Limbe, ndiye kuti inu ndi onyamula chabe, ndipo mwafika."

Alhaji anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mkanjo. Anawapukuta nthawi yaitali, magalasi oti analibe fumbi. Ine ndinkangoyang'ana lole ija, mtima uli m'mwamba, chifukwa munthu wonyada akachita manyazi pagulu amatha kunyamuka n'kupita. Dalaivala nayenso anali atagwira kale makiyi, akudikira kumva.

Alhaji atavalanso magalasi aja, mawu awo anali atatsika.

"Pepani ndi maliro, a Shehe. Sindinadziwe, komanso sindinafunse. Allah awakhululukire mayi athu ndi kuwakulitsira manda awo."

"Amina. Zikomo, Alhaji."

"Ndipo mawu aja a mapilitsi mundikhululukire."

"Munawanena chifukwa chokonda dini. Atha."

Alhaji anapumira m'mwamba n'kuyang'ana mzikiti wogumuka uja, denga lake litapendekeka.

"Ndiye titsitsire pati, a Shehe? Mumzikiti momwemu?"

"Mumzikiti mukudontha, ufa ungachite mibulu tsiku limodzi," anatero Shehe akudzuka n'kukutumula mkanjo wawo. "Tikatsitsire ku mishoni. Chipinda chouma m'mudzi muno chili komweko, ndipo a Sisitere akudziwa khomo lililonse limene mwana wake watupa mapazi, la Msilamu ndi la Mkhristu. Njala itafika kuno sinafunse munthu dini yake, Alhaji. Ufawu nawonso usafunse."