A Wiwi ndi Thalauza la Mkwati

Kuseri kwa shopu yokonzerako zovala, m'kachipinda kamene zenera lake lidayang'anizana ndi khoma la nyumba ina, munkagwira ntchito telala wina wa imvi za m'mbali. Manja ake ankadziwa nsalu ngati mayi adziwira kulira kwa mwana wake, koma lilime lake ndi Chifalansa zinali mphaka ndi galu. Bamboyu adabwera m'dzikolo potsatira mkazi wake, namwino wa pa nyumba yosungirako okalamba, amene pofika nthawiyi n'kuti akutha kukangana ndi dalaivala wa basi m'chinenerocho mpaka kupambana. Mwamunayo adangotolapo liwu limodzi, oui, lomwe ndi "inde" wa kumeneko, n'kuona kuti lamukwanira. Ankalitchula kawiri, mutu ukugwedera, mano onse pamtunda. Mkazi wake atatopa nazo adam'patsa dzina loti a Wiwi, ndipo dzinalo lidawamatirira ngati chingamu kunsi kwa nsapato.

Si kuti mphunzitsi adalibe. Akaweruka ku ntchito, masiku ena ankakwera masitepe kupita kwa Madamu, mayi wochepa thupi wopuma pa ntchito, wa magalasi omangirira chingwe, amene ankaphunzitsa alendo pa tebulo lake lodyera. Pa tebulopo pankakhalanso dalaivala wa lole ndi atsikana awiri apachibale oluka tsitsi. Madamu sankaphunzitsa mawu okha. Ankawauza kuti ukalowa m'sitolo uyambe wapereka moni usanaloze chimene ukufuna, ndiponso kuti vous ndi "inu" pomwe tu ndi "iwe". Zimenezi a Wiwi adazikonda, nati anthu akunowa ali ndi mwambo ndithu. Koma panali chiganizo chimodzi chimene Madamu ankachibwereza ngati nyimbo ya maliro, Je n'ai pas compris, kutanthauza "sindinamve", ndipo ichi chokha chidakana kutuluka pakamwa pa a Wiwi.

"Mayi, ine ndinayamba kusoka masuti ana aja asanabadwe," ankatero kwa akazi awo pochotsa nsapato pakhomo. "Ndikaime pamaso pawo n'kumati sindinamve? Makutu ndinawasiya ku bwalo la ndege?"

"Makutu munabwera nawo, bambo. Chimene munaiwala kulongedza ndi kudzichepetsa."

Choncho Madamu akafunsa kuti mumakhala msewu uti, yankho linali oui, oui. Akafunsa kuti muli ndi ana angati, oui, oui. Atsikana oluka tsitsi aja ankabisa nkhope m'manja, mapewa okha akugwedezeka. Tsiku lina wometa adawafunsa kanthu, iwo n'kuvomera mwa nthawi zonse, ndipo adabwera kunyumba ndevu za pamlomo wam'mwamba zitapita, zimene adazisunga kuyambira ali mnyamata. Akazi awo adaseka mpaka kukhala pansi, koma a Wiwi adati ndi momwe ankafunira.

Ku shopu zinkayenda chifukwa abwana, mayi wa mawu ochepa amene tepi sinkachoka m'khosi mwake, ndiwo ankalankhula ndi makasitomala. Iwo ankalemba ndi choko, kubaya mapini, kenaka n'kupereka chovala kuseri. A Wiwi ankangotsata choko. Koma m'mawa wina abwana adafika tsaya litatupa ngati abisamo ndimu. Adaloza dzino, adaloza wotchi, adaloza kauntala, n'kunena pang'onopang'ono kuti wina akabwera ndi ntchito auzidwe kuti abwerenso masana. A Wiwi adati oui, oui, ngakhale adangomvapo liwu loti masana.

Sipadapite nthawi, belu la pachitseko lidalira, ndipo mudalowa mnyamata wamtali ngati mlongoti, wochita kuwerama pakhomo. Adatulutsa m'chikwama suti yotuwa ya nsalu yolemera, ya masiku amene nsalu inali nsalu. A Wiwi ataikhudza, mtima wawo udasungunuka. Mnyamatayo adalankhula zambiri, maso akulengeza misozi pang'ono. Kenaka adadziyeza thalauzalo m'chiuno, adaloza pa akakolo, adaonetsa zala zinayi zogundana, nati, "Rallonger."

Liwulo lidadutsa m'makutu mwa a Wiwi ngati mphepo pa mpanda wa waya. Adakumbuka kuti abwana amakonda kunena liwu loyamba ndi "ra" akamawapatsa mathalauza oti adule. Adaona ndithu kuti thalauzali ndi lalifupi kale pa miyendo ngati imeneyo, ndipo kamtima kena kadawanong'oneza kuti funsani. Koma adadziyankha okha kuti anyamata akuno amakonda kuyenda akakolo ali pamtunda ngati akuwoloka mtsinje, ndiye chodabwitsa n'chiyani?

"Oui, oui, monsieur."

Mnyamatayo adawagwira dzanja ndi manja onse awiri n'kutuluka. A Wiwi adafuna kuti abwana akabwera apeze ntchito yatha, adziwe kuti kuseri kuja kuli mmisiri osati chidole. Adayeza zala zinayi, choko chidayenda, sizasi idalira. Adapinda, adasoka, adasita mpaka mzere wa thalauza udathwa ngati mpeni.

Madzulo mnyamatayo adabwera kudzangofunsa ngati ntchito itheke lisanafike Loweruka, ndipo adapeza abwana atabwerako, thonje lili m'kamwa. A Wiwi adatulutsa thalauza monyadira. Mnyamata adalowa kuseri kwa katani. Posakhalitsa adatuluka atalivala. Thalauzalo lidathera pakati pa katumba, masokosi onse ali poyera, munthu wamkulu ngati mwana wa sukulu amene wakula yunifolomu isanathe. Sadakalipe. Adadziyang'ana pa galasi nthawi yaitali, adavula, adasiya thalauzalo pa kauntala, adanena mawu ochepa kwa abwana n'kutuluka. Chitseko adachitseka pang'onopang'ono, ndipo kutseka kotereku kumawawa kuposa kumenyetsa.

Abwana adaimbira foni akazi awo a a Wiwi, poti nkhaniyi sinali ya manja ndi zala. Mayiwo adamvetsera, kenaka adapempha kuti foni ipatsidwe kwa amuna awo.

"Bambo, mwakhala pansi? Suti ija ndi ya malemu bambo ake a mnyamatayo. Loweruka likubwerali akukwatira, ndipo amafuna kuvala suti imene bambo akewo anakwatirira. Anakupemphani kuti mutalikitse. Kutalikitsa, bambo. Inu mwadula."

"Komatu ananena liwu la ra lija..."

"Mawu a ra alipo awiri! Abwana akuti mnyamatayo abweranso mawa masana. Akachoka osakhutira, ntchito yanu yatha. Ndipo mukudziwa kuti ntchito ikatha, chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chikhala pa ulusi umodzi."

A Wiwi adabweza foni kwa abwana. Adagwada pa dengu la zidutswa n'kuyamba kufukula ngati nkhuku pa dzala, mpaka adapeza timphete tiwiri ta nsalu yotuwa. Atatimasula adaona kuti telala wakale amene adasoka sutiyo adasiya mpendero waukulu mkati, wokwanira bwino lomwe ntchito imene mnyamatayo ankafuna. Akadafunsa, inali ntchito yomasula ulusi ndi kusita basi.

Kunyumba adayesa njira ya kwawo. "Mayi, nkhani ngati iyi munthu sadzinenera yekha. Pamafunika mkhalapakati. Inu Chifalansa mumachitha..."

"Sizasi munagwira nokha, pakamwa mugwiritsanso panu. Ine mawa ndili pa ntchito. Lero si tsiku la kwa Madamu kodi? Nyamulani thalauzalo."

Adakwera masitepe aja ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Atafika adayala thalauza pa tebulo, timphete tija pambali pake, n'kufotokoza ndi manja, ndi nkhope, ndi timawu tothyokathyoka. Madamu adavala magalasi, adayang'ana thalauza, adayang'ana a Wiwi, ndipo milomo yawo idanjenjemera polimbana ndi phwete. Dalaivala wa lole ndiye sadalimbe, adatuluka kukasekera pa khonde. Madamu adatseka buku la tsikulo, nati phunziro la lero ndi ili lili pa tebuloli. Adanyamula thalauza n'kulikoka: rallonger, kutalikitsa. Adalipinda: raccourcir, kufupikitsa. Kalasi yonse idabwereza, a Wiwi mokweza kuposa onse.

Kenaka adayamba kuwaphunzitsa kupepesa. Madamu adakwera pa kampando kuti atalike ngati mkwati uja, adapinda manja pachifuwa, nati yambani. A Wiwi adaweramitsa mutu, maso pa nsapato, n'kumwetulira mwamanyazi monga achitira munthu wolakwa kwa akulu. Madamu adaomba m'manja kuwaimitsa. Adawauza pang'onopang'ono kuti kuno wopepesa akayang'ana pansi amaoneka ngati akubisa kanthu, ndipo akamwetulira amaoneka ngati akuseka wolakwiridwayo. Maso m'maso, mano mkati, mawu ochepa. Ndi kunena choona: sindinamve, koma ndinavomera.

"Je n'ai pas... je n'ai pas..." Chiganizo chija chidakakamira pakhosi ngati minga ya nsomba.

Atsikana oluka tsitsi adayamba kuwathandiza ngati azamba. Chitatuluka, tebulo lonse lidaomba m'manja, ndipo a Wiwi adapukuta thukuta ngati anyamula matumba a simenti.

Mawa lake masana belu lidalira. Mnyamata wamtali adalowa, nkhope ili gwa. Abwana adaima pambali, manja kumbuyo. A Wiwi adatuluka kuseri, adakweza mutu mpaka khosi kuwawa kuti apeze maso a mnyamatayo kumwambako, ndipo adanena zonse monga adaphunzirira. Pena lilime lidapunthwa, pena adayamba kunena tu n'kudzigwira pakamwa msanga kubwerera ku vous. Atatha adaonetsa timphete tija, n'kufotokoza ndi choko pa kauntala kuti atha kutilumikizanso, thalauza litalika mmene ankafunira, koma msoko udzaoneka, pokhapokha auphimbe ndi riboni yakuda yozungulira mwendo.

Mnyamatayo adayankha mofulumira, mawu ambirimbiri. Mutu wa a Wiwi udayamba kugwedera wokha mwachizolowezi, ndipo abwana adatsokomola. A Wiwi adaumitsa khosi n'kupempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Mnyamata adabwereza. Adapemphanso. Ulendo wachitatu ndi pamene adamva: riboni isakhale yakuda, ikhale yobiriwira, poti mkwatibwi adzanyamula maluwa a masamba obiriwira, ndipo ngati thalauza lalemala kale, bola lilemale mokongola. Ponena izi kukamwa kwa mnyamatayo kudapindika pang'ono, koyamba chilowereni m'shopumo.

A Wiwi adasoka msoko umenewo ngati akusoka chikope cha munthu. Thalauza lidafika pa nsapato, mkwati adakwatira, ntchito idapulumuka. Koma chilonda chikapola chipsera chimatsala. Patapita masabata angapo mnyamatayo adabweretsa chithunzi cha ukwati, timizere tobiriwira tikuoneka bwinobwino m'miyendo yonse iwiri, ndipo abwana adachikhoma pamwamba penipeni pa makina a a Wiwi, pamene maso amagwera munthu akatukula mutu. Kasitomala aliyense wofunsa za chithunzicho ankauzidwa nkhani yonse, ndipo a Wiwi, amene tsopano ankamva zambiri, ankamva ndithu mmene akuwasekera.

Tsiku lina Madamu adapempha ophunzira kuti aliyense anene mwambi wa kwawo m'Chifalansa. Itafika nthawi ya a Wiwi, adaimirira, adakonza kolala, adayamba bwino za munthu wina amene adapeza chisa cha njuchi, osadziwa chodyedwa ndi chotayidwa, ndipo adachita manyazi kufunsa. Adafika pakati n'kuima. Liwu lofunika kwambiri adalibe. Adayesa kuumba ndi manja, adalira ngati njuchi mpaka dalaivala wa lole adabisa mutu kunsi kwa tebulo. Potsiriza adaloza kandulo imene inali pa shelefu.

"Madamu, pepani. Ichi chimene amapangira kandulo, pa Chifalansa mumati chiyani?"

"La cire," adayankha Madamu, maso akuwala kuseri kwa magalasi.

A Wiwi adalibwereza liwulo mpaka lidakhazikika, adamaliza mwambi wawo, n'kukhala pansi. Madamu adafunsa ngati munthu wa m'mwambiyo amamudziwa. A Wiwi adaganiza kaye kuti atsimikize kuti funso alimva, kenaka adayankha kuti amamudziwa bwino kwambiri, iwo amagona bedi limodzi ndi mkazi wa munthuyo, ndipo kukoma kwa chinthucho kudakali m'kamwa mwake.

Akuluakulu sadaname pamene adati safunsa adadya phula.