Mfuti Yokana Kumeza ya a Wilbroad

Ku Tottenham, kudziko la azungu, m'kanyumba kozizira ngati mtsuko, munkakhala a Wilbroad Chisenga, kondakitala wa basi, ndi akazi awo a Mable. Kwawo ku Chipata bambowa adali mlenje, ndipo ulenje suthera pabwalo la ndege. Atapeza layisensi adagula mfuti yakalekale, ija umakoka chitsulo chapansi kuti chipolopolo chikwere chokha, n'kumakalasa mapepala kukalabu ya owombera mfuti Loweruka. Mfuti m'nyumba, anthuni, ndi njoka m'thumba.

M'chisanu cha kumeneko, mu Januwale 1979, mfutiyo idayamba kukana. Akakoka chitsulo, chipolopolo chinkangosuzumira n'kuima panjira. Anzawo akukalabu adati apite nayo kwa wokonza mfuti. Iwo ayi. Adaithira mafuta ena a nsatsi ochokera kumudzi, monga ankachitira malemu bambo awo. Idakanabe.

Apo mpamene adakumbuka mwambo wa alenje, woti mfuti ikakana ndiye kuti mkazi sadadzisunge.

"Amake Justina, usiku mumati muli pantchito kuchipatala ku Edmonton. Mumakhala muli kuti?"

"Ndimachapa zofunda za odwala, kuti inu muzigula zidole zanuzi."

A Wilbroad sadamve. Adaitana ankhoswe awo, a Abednego a ku Woolwich, pamodzi ndi amayi awiri a mvano.

"Mboni yanga ndi iyi," adatero, akuigoneka mfutiyo pafupi ndi hita ya palafini yotenthetsa m'nyumba.

Mlandu udatalika. A Mable adangoti zyoli, akupotokola nsonga ya chitenje, dzina lawo likutafunidwa pakati pa alendo. Kenako mayi wina adanunkhiza.

"Kodi wina akuphika nsatsi muno?"

Mafuta akuda ankadontha pakapeti kuchokera m'mfuti muja.

"Tationetsani kukanako, achimwene," adatero a Abednego.

A Wilbroad adalowetsa zipolopolo zoyeserera, zopanda onga, nakoka chitsulo. Choyamba chidalowa bwinobwino. Chachiwiri chimodzimodzi. Mafuta aja ndiwo adaundana ndi kuzizira ngati phula n'kumanga sipuling'i, ndipo atamva moto adasungunuka.

"Ndiye chibwenzi cha alamu athu ndi Januwale?" adafunsa a Abednego.

Palibe adaseka. A Wilbroad thukuta lidawatsika m'khosi, chisanu chonsecho. Adagwada pakapeti yamafutayo.

"Pepani, amake Justina. Ndalakwa."

A Mable adavala chikhoti chawo mosafulumira.

"Mfuti yanu yachira. Nanga dzina langa mulitenthetsa pa hita iti?"

Adatenga mwana wawo Justina, ulendo kwa mng'ono wawo. Mfuti idagulitsidwa mwezi usadathe, ndipo pa Pasaka a Mable adabwerera, poti ana amafuna bambo. Koma kutchalitchi sadakhalenso benchi limodzi ndi amuna awo, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. A Wilbroad ankaimba nyimbo maso ali pansapato.

Muziyamba mwafufuza musanaloze munthu chala, inu otentha mtima. Pepani sapoletsa chilonda.