Mipando Yobwereka ya Nankhoma

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu akuti unabadwira m'mudzi wina wa m'mphepete mwa msewu, kuja amagulitsa mbewa zapampani.

M'mudzimo munali mayi wamasiye dzina lake Nankhoma. Mwendo wake umodzi unali wolumala, ndipo ankalera ana atatu a malemu mng'ono wake. Kulima kunkamukanika. Masiku ena anawo ankagona ndi madzi okha m'mimba, ndipo sukulu anali atasiya. Koma ukamufunsa za moyo, ankangoti, "Tili bwino, kaya inu."

Tsiku lina kunamveka uthenga wakuti kukubwera alendo a boma odzaona mabanja ovutikitsitsa, kuti azilandira ndalama zotukulira pakhomo. Mudzi wonse unatekeseka ndi chimwemwe! Aliyense ankadziwa kuti khomo loyamba kuthandizidwa ndi la Nankhoma.

Koma mwini wake atamva zoti kubwera alendo, anayang'ana mphasa yake yong'ambika, natsimphinira kwa mnansi wake Najere.

"Anzanga, alendowa akhala pati? Pansi ngati nkhuku?"

"Ayi, zimenezo ndiye ayi!" anatero Najere. "Mudzi uno sunakhazikepo mlendo pafumbi. Tengani mipando yanga."

Zinayamba ndi mipando iwiri. Kenako wina anabwera ndi tebulo, wina wayilesi, wina makapu agalasi. Azimayi anazira nyumba mpaka kuwala. Ana aja anabwerekedwa zovala za kutchalitchi. Bambo Gwaza anamangirira mbuzi zawo pakhomopo kuti pabwalo paoneke pa anthu, ndipo Najere anapha nkhuku. Onsewa ankachita mwachikondi, poti kwathu kuno mlendo saonetsedwa usiwa.

Alendo anafika, wamkulu wawo ali mayi waulemu. Anakhala pamipando, nalandira chakudya.

"Mayi, mumadya kangati patsiku?"

Nankhoma anayang'ana pansi. Anene kuti kamodzi, mlendo ali ndi ntchafu ya nkhuku m'manja?

"Timadya ndithu," anayankha.

"Nanga mbuzizo?"

"Zikudya msipu."

Alendo anathokoza, napita.

Patapita masiku, anthu anasonkhana pabwalo la sukulu kuti amve mabanja osankhidwa, ndi kuvomereza ngati alidi oyenera. Maina anatchulidwa mpaka kutha. La Nankhoma silinamveke.

Pafupi naye panakhala mlamu wake Chikakuda, katswiri wokumba mbewa, munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"Mlamu, dzina lanu lasochera kuti?"

"Zisiyeni, alamu. Mwina Mulungu sanafune."

"Mulungu? Musamunamizire Mulungu, zakulandani ndi mbuzi za a Gwaza! Tamverani. Ine ndikafukiza utsi kuuna, mbewa yotuluka imatha kundipulumuka. Koma ija yongokhala phee m'kati ngati mkamwini wamanyazi, ndimaipeza itauma. Imirirani!"

"Pamaso pa anthu onsewa?"

"Anthu ake ati? Omwe anakubwerekani mipandowa?"

Apo mayi wa boma uja anafunsa, "Alipo ali ndi mawu tisanatseke msonkhano?"

Nankhoma anayang'ana ana ake. Wamng'ono anali atatola khoko la nzimbe lotayidwa ndi wina, akulitafuna mobisa. Nankhoma anagwira ndodo yake, naimirira.

"Pepani, alendo athu. Mipando munakhalira ija si yanga."

Kenako Najere anadzambatuka.

"Ndi yanga! Ndi nkhuku munadya ija inali yanganso!"

"Wayilesi ndi yanga," anafuula wina, "ndipo inafa kalekale!"

"Mbuzi ndi zanga," anatero a Gwaza, "ndinangoti zikongoletse pakhomo!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, mpaka mayi wa boma uja kupukuta misozi. Koma Nankhoma anali asanamalize. Anadikira phokoso lithe, nanena momveka bwino mawu amene anali asanawanenepo kwa munthu: "Timadya kamodzi patsiku, masiku ena osadya n'komwe. Anawa anasiya sukulu. Ndithandizeni."

Alendo aja anapitanso kunyumba kuja, khamu lili pambuyo. Anapeza mphasa yong'ambika ndi nkhokwe yopanda kanthu. Mayi uja anatembenukira kwa anthu nafunsa ngati akuvomereza kuti banjali lithandizidwe.

"Eeeh!" linayankha khamu, nthungululu zili lokoloko.

"Ifenso taphunzira," anatero mayiyo. "Tisamaweruze khomo poona mipando. Tizifunsanso anansi, ndipo tizibwera kawiri."

Thandizo litayamba kufika, ana aja anabwerera kusukulu atadya phala, ndipo Nankhoma anapeza waganyu womulimira munda. Chikakuda naye ankafotokoza nkhaniyi kwa aliyense wogula mbewa zake, mpaka mawu ake anafalikira ndi msewu wonse: "Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Ulemu ndi wabwino, koma manyazi obisa vuto amapha. Wofuna kukuthandiza sangaone za m'mimba mwako. Njala ikakupweteka, phunziro likakuvuta, wina akakuzunza, usakhale phee. Tuluka, ulankhule, anthu akumve.