Penshoni ya Lufeyo Amene Sanapite ku Nkhondo

Wa mtima wokayika atuluke akakhale ndi nkhuku panja, chifukwa zimene ndinene pano n'zovuta kumeza. Muli bodza limodzi lokha m'menemu. Woligwira ndisanaulule ndimugulira chipanda cha masese.

Kalekale, azungu akutola anyamata m'midzi kuti akawafere pa nkhondo ya eni kutsidya kwa nyanja yamchere, kalata inafika ndi dzina la Lufeyo Chimtengo. Lufeyo, chimunthu cha chifuwa ngati chitseko, atangomva kulira kwa lole anakalowa m'khola la nkhumba. Anabindikiramo masiku atatu, nkhumba n'kumadabwa mlendo wodya gaga osapempha. Mesenjala ataitana dzina kachitatu, mng'ono wake Wedisoni anaimirira nati, "Ndine." Anapita ndi dzina la mkulu wake, nasiya mkazi wake Nangozo ali ndi pakati.

Nangozo anadikira zaka zisanu. Analima yekha, anafolera nyumba yekha, ndipo amuna obwera ndi tinsomba m'manja ankawabweza ndi tinsomba tawo tomweto. Kuwerenga sankadziwa. Nambala ya usilikali ya mwamuna wake anachita kumuwerengera mphunzitsi pa kalata yoyamba, iye n'kuiika m'nyimbo ya pamtondo kuti isamuthawe. Wedisoni anabwerako ndi mwendo umodzi. Anakhala miyezi inayi, kenaka anati phala la Nangozo likununkha utsi, n'kukakwatira kutsidya kwa mtsinje. Zikomo yake inali imeneyo.

Kutsidyako anamulandira Abiti Sumani. Zaka makumi awiri ankatsuka chilonda chosapola, ndipo ndodo zitamukanika bamboyo, ankachita kumubereka popita kuchimbudzi. Atamwalira, mayiyu anagulitsa mbuzi yake imodzi yomweyo kugula nsalu ya maliro. Chuma chimene anasiyiridwa ndi chitupa cha usilikali, nacho chiswe chitadya pakona.

Nanga Lufeyo? Ananenepa. Anakwatira Nasibeko ku tchalitchi, mtchatho wa kalata ndi chidindo. Ankabwereka jekete ya mng'ono wake kupita nayo ku mowa, kukasimba za adani amene anawapha ndi chibakera. Anafa atatsamwa ndi fupa la nkhumba, poti nkhumba sizinaiwale gaga wawo. Koma Nasibeko musamunyoze: anapirira chitsiru chija mpaka kumanda, ndipo chaka cha njala yaikulu anagawa nkhokwe yake pakati, mwana wa Nangozo n'kupulumuka.

Onse atachita imvi, boma linadzidzimuka kutulo n'kulengeza pa wailesi kuti akazi amasiye a asilikali akale azilandira penshoni. Nangozo, denga likudontha ngati sefa, anakwapatira nkhuku yake yathadzi nayenda masiku awiri. Atafika ku ofesi anapeza anzake awiri aja ali kale pa benchi.

"Mwabwera kudzalira amuna anu ati, mayi?" anafunsa Abiti Sumani. "Amene anakuthawani aja?"

"Omwewo. Ndinakupatsani ali ndi mwendo umodzi, mwandibwezera alibiretu."

"Musakangane, azilamu anga," anatero Nasibeko, akukonza duku. "Dzina likaitanidwa muona amene aimirire."

Kalaliki anali kamnyamata konyezimira tsitsi, kobadwa nkhondo itazizira kale. Nangozo anakankhira nkhuku pansi pa tebulo.

"Chotsani chimenecho, agogo," kanatero. "Ine za ziphuphu ayi. Ndikufuna zinthu zitatu: kalata ya ukwati, chitupa cha msilikali ndi nambala yake."

Nasibeko anayala kalata ya mtchatho. Dzina linali lomwelo, Lufeyo Chimtengo. Abiti Sumani anatulutsa chitupa m'kachitini, nachonso Lufeyo Chimtengo. Kalaliki anachitembenuza uku ndi uku.

"Nambala ili kuti? Popanda nambala sinditsekula buku. A Chimtengo m'menemu adzaza ngati nthata."

Pa nambala m'pamene chiswe chinadya. Apo Nangozo anaimirira, nagwira m'mwamba musi wosaoneka, nayamba kusinja mphepo akuimba nyimbo yake ya pamtondo. Anthu pa benchi anaseka mpaka kugwira nthiti. Kalaliki anatsata manambalawo ndi chala m'buku, ndipo chalacho chinaima.

"Ndamupeza," anatero. Anatsekula kabokosi ka inki. "Malo a chala ndi amodzi. Wodinda azilandira mwezi ndi mwezi mpaka imfa yake, akafa zathera pomwepo. Mkazi wa Lufeyo ndani?"

Nangozo magazi anamuwira. "Lufeyo wake uti? Amene uja nkhondo yake anamenya ndi nkhumba. Wopita kunkhondo anali Wedisoni."

"Agogo, m'buku muno mulibe Wedisoni. Mukalitchulanso dzina limenelo nditseka, ndalama ibwerere komwe yachokera. Ndiweruka posachedwa."

Wina pa benchi anati adinde mmodzi, azikagawana kumudzi. Atatuwo anayang'anana. Nangozo anaona mkazi amene anamulanda mwamuna, naonanso mkazi wa munthu amene anamudyera zaka zisanu pobisala m'khola, ndipo anadziwa kuti ndalamayo ikalowa pa mfundo ya chitenje cha wina, iye adzangomva fungo. Anzakewo nawo ankaganiza zomwezo za iye. Zala zitatu zinatambasuka nthawi imodzi, inki ikuuma.

Tsono bodza langa lija. Mwati ndi fupa la nkhumba? Mwaluza masese, fupalo manda ake ndingakulozereni. Ndanama pa nkhuku. Kalaliki uja sanaikane, anaikankhira ndi phazi kuseri kwa kabati, ndipo Nangozo sanaionenso.

Zotsalazo weruzani ndinu. Wina ali ndi dzina koma mwamuna wake sananunkhe wonga. Wina anabereka msilikali kumsana koma nambala yake saidziwa. Wina anasunga nambala pamtima koma anasiyidwa ngati chikho chong'aluka. Chala chopita pa inki chikhale cha yani?