Maliro Atatu a kwa Changa

Padangokhala Changa, kanyama ka maso ngati mbale, kosaka usiku n'kumagona masana m'phanga la mkuyu. Tsoka lake, anyani adasamukira patsinde pa mkuyu womwewo ndi ng'oma zisanu ndi mbiya za mowa wa masuku. Dzuwa likangoti tulukiru, gule! Changa adatha sabata osaona tulo, mpaka adagwa panthambi akusinza.

Adatsimphina kukadandaula kwa mkulu wa anyaniwo, a Chimphuno.

"Achimwene, chepetsaniko pang'ono. Enafe ino ndiye nthawi yogona."

"Iwe kamaso, mtengowu udabzala ndiwe?" adatero a Chimphuno. "Anyamata, onjezani moto!"

M'mawa mwake Changa adathyola masamba n'kuwayala panjira, monga tichitira pakagwa zovuta. Kenaka adakhala panthambi, dzanja patsaya.

"Kwagwanji?" adafunsa a Chimphuno.

"Amalume atisiya."

Pamudzi pakagwa maliro ng'oma siilira, ngakhale nyani amadziwa zimenezo. Masiku atatu kudali zii. Changa adagona mpaka kunenepa.

Ng'oma zitayambanso, Changa adapha azakhali ake ndi bodza lomwelo. Masiku ena atatu, zii. Kachitatu adatola apongozi ake, a Nangozo, okhala kutsidya kwa dambo.

Apa a Chimphuno adapukusa mutu. "Mnzathu abale akumuthera, ife osakapepesa n'komwe? Manyazi bwanji! Tiyeni tonse kusiwa."

Adakwera anyani makumi anayi. Amayi kulira mopikisana, kwaya kukuwa, abambo kutafuna nkhuyu zonse za namfedwa.

"Nanga thupi lili kuti?" adafunsa a Chimphuno.

"Likubwera," adayankha Changa, thukuta lili kamukamu.

Ndipo lidabweradi, likuyenda lokha. Mphekesera ya maliro idali itaoloka dambo, ndiye a Nangozo adafika ali wefuwefu, manja kunkhongo.

"Mayo ine! Watisiya ndani kwa mkamwini wanga?"

"Pepani mayi," adatero a Chimphuno, "ndi apongozi ake, a Nangozo. Adali munthu wabwino. Inu ndinu ndani wawo?"

"Nangozoyo ndine!"

"Mzukwa!"

Anyani adayoyoka mumtengo ngati nkhuyu zakupsa. A Chimphuno adagwera pang'oma, mwendo n'kulowa, adathawa nayo choncho mpaka kuphiri. Sadabwererenso.

Changa adaseka mpaka misozi mbwembwembwe. Potembenuka adapeza a Nangozo akuyala mphasa pakhomo pa phanga.

"Popeza ndafera pano, bambo, ndikhala pompano. Tandiuzani, ndadwala chiyani? Masiku angati? Mankhwala mudandifunira? Nsalu yondifunditsa ili kuti, kapena mumati mundikwirire chomwechi? Mwana wanga mudamutenga bwinobwino, lero mwayamba kupha amake?"

Mkamwini sabweza mawu kwa apongozi, amangoyang'ana pansi. Changa adayang'ana pansi tsiku limenelo, mawa lake, mwezi wathunthu, maso ali psuu.

Anyani aja ankapumulako ikakwana nthawi ya chakudya. A Nangozo amalankhula ngakhale akutafuna.