Thumba Lobisidwa M'bulangeti

Bambo Jairus Chirwa a ku Wusakile anakalambira mu mgodi, ndipo ku mpingo anali mkulu woti akatsokomola, kwaya yonse inkangoti zii. Koma matenda saona nkhope. Sitiroko itawagwetsa, anagonekedwa m'chipatala china ku Kitwe osatha n'kudzitembenuza komwe. Pamwamba pa izo m'mimba munatseguka osaleka, ndipo kumatako kunabuka chilonda.

Namwino wa m'wodimo, dzina lake Ruby, anawaika kapaipi kofewa kunjira ya chimbudzi, kotengera zonse m'thumba lopachikidwa m'mbali mwa bedi.

"Ba mayo, thumbali lizikhala m'munsi nthawi zonse, kapaipi kasapindike," anauza Mayi Eneles, akazi awo a Chirwa. "Chilondachi chikangouma, ba tata apita kunyumba."

Mayi Eneles anavomera ndi mutu wokha. Mumtima ankati, amuna anga, mkulu wa mpingo, zam'mimba zawo zikhale poyera ngati tomato wa pamsika? Ayi ndithu! Tsono nthawi yoona odwala ikakwana, ankamasula thumba lija, kupinda kapaipi, n'kukankhira zonse m'bulangeti. Amayi a Mvano ankafika, kuimba, kupemphera, osaona kanthu. Akangotuluka, thumba linkabwerera pamalo pake namwino asanadutse.

Tsiku lina a Chirwa anayesa kudandaula ndi lilime lawo lolemeralo. "Eneles, kwanyowa. Kukuwawa."

"Pirirani, bambo, anthu akulowa. Mukufuna Wusakile yense atiseke?"

Lamulungu alendo anachuluka ndipo mapemphero anatalika. Kapaipi kopindidwako kanatsekeka, zonyansa n'kutulukira m'mbali, kunyowetsa chilonda chimene chinali chitayamba kuuma. Ruby atavundukula bulangeti anangogwira pakamwa.

"Mwakhala mukuchita izi kuyambira liti?"



Sabata isanathe thupi linali moto, chilonda chikutuluka mafinya. Madokotala anadula mnofu wowola, anayesa mankhwala awa ndi awo, koma matenda anali atalowa kale m'magazi. A Chirwa anabwereradi ku Wusakile, koma m'bokosi.

Pasiwa, Mayi Gladness, mnzawo wa ku Mvano, anakhala pafupi ndi Mayi Eneles n'kuwagwira dzanja. Sankadziwa kanthu za bulangeti lija, ankangofuna kutonthoza.

"Anzanga, ife tinkadabwa kuti chipatala sichinawaike a Chirwa kathumba kaja. Amuna anga kanawathandiza zedi chaka chatha, wodi yomweyo. Kankangolendewera poyera, ife tikuimba nyimbo. Si awo akuwaza nkhuni panjapo?"

Mayi Eneles anasuzumira pawindo, anawaona bamboyo akukweza nkhwangwa, ndipo analira kulira kumene sanalire ngakhale tsiku limene uthenga wa imfa ya amuna awo unafika. Anthu ankati ndi chikondi. Chinalipo, inde, koma akuluakulu adanena kale: manyazi adapha Lambe.